Mlendo Asasochere pa Webusayiti Yanu: Kabuku ka Mabanja ndi Magulu a Malonda ku Mchinji

Banja lochita malonda m'boma la Mchinji limayang'ana misika iwiri. Kummawa kuli Lilongwe, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 potsata msewu wa M12. Kumadzulo, mukangodutsa pa boda ya Mwami, mwayandikira kale Chipata, mzinda umene uli pafupi nafe kuposa likulu la dziko lathu lomwe. Mu Disembala 2022, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema adatsegulira malo atsopano a paboda, pomwe wapaulendo amaima kamodzi kokha m'malo moima kawiri. Ogula mtedza, soya, chimanga ndi mbatatesi amachokera uku ndi uku, ndipo wogula wa masiku ano safuna kutaya ndalama ya thiransipoti asanadziwe chomwe akachipeze, choncho amayamba wafufuza pafoni. N'chifukwa chake mabanja ena, makopaletivi a alimi, nyumba zogona alendo, sukulu ndi mipingo ayamba kulingalira zokhala ndi webusayiti yawoyawo. Kabukuka sikakukakamizani kutsegula webusayiti. Kakukamba za kachigawo kamodzi kokha, kamene eni ake amakonda kukasiyira kumapeto, chonsecho ndi komwe kamagamula ngati mlendo apeza chomwe wadzera kapena abwerera chimanjamanja. Kachigawoko ndi menyu, mawu ochepa aja okhala pamwamba pa tsamba lililonse, amene munthu amadina kuti apite kutsamba lina. Mfundo ya kabukuka ndi imodzi: menyu imangidwe kuchokera pa mafunso a mlendo, osati pa maudindo kapena mbiri ya eni webusayiti, ndipo osankha mawu akewo akhale a m'banjamo kapena a m'gulumo, osati mnyamata wodziwa kompyuta yekha.

Kale webusayiti inkalembedwa pamanja, tsamba ndi tsamba, m'kalembedwe ka makompyuta kotchedwa HTML. Wofuna kuwonjezera liwu limodzi pa menyu ankayenera kutsegula tsamba lililonse n'kulembamo liwulo, ndipo akaiwala tsamba limodzi, mlendo wofika pamenepo ankaona menyu yakale. Masiku ano ntchitoyi imagwiridwa ndi mapulogalamu osungira ndi kukonzera zolemba za pa webusayiti, amene mwachidule amatchedwa CMS. Yotchuka kwambiri ndi WordPress, imene Matt Mullenweg ndi Mike Little adaiyambitsa mu 2003, ndipo lero imayendetsa mawebusayiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi. Palinso Drupal ya mu 2001 ndi Joomla ya mu 2005. Onsewa amafanana pa chinthu chimodzi chachikulu: menyu imasungidwa pamalo amodzi, ndipo mukaisintha pamenepo, imasintha pa masamba onse nthawi yomweyo. Kuyambira mu 2010, pamene WordPress 3.0 idatuluka, munthu amatha kusanja menyu pongokoka mawu n'kuwaika pomwe akufuna, osalemba HTML ngakhale mzere umodzi. Ndiye kuti ntchito ya zala idapepuka kale, moti siingakudyereni tsiku. Yatsala yolemera ndi ya mutu, yoti mawu ati akhalepo, angati, ndipo liti liyambe. Imeneyi kompyuta singakugwirireni, pakuti sidziwa chomwe ogula anu amafunsa.

Menyu yabwino mumaidziwa kale

Aliyense amene adatumizapo ndalama pafoni adagwiritsapo ntchito menyu yokonzedwa bwino. Airtel Money idafika m'dziko muno mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013, ndipo lero agogo a ku Mkanda kapena ku Waliranji, ena mwa iwo osapita patali ndi sukulu, amadina *211# kapena *444# pa kafoni ka mabatani n'kumaliza zomwe amafuna popanda wowathandiza. Taonani zomwe zimatuluka pagalasi la foni. Ndi mizere yochepa, ndipo mzere uliwonse ndi ntchito yomwe munthu wadzera: kutumiza ndalama, kugula mayunitsi, kulipira mabilu, kuona ndalama zotsala. Simudzapezapo mbiri ya kampani, mayina a mabwana ake, kapena masomphenya ake. Makampani amenewa mabwana ali nawo, mbiri ali nayo, koma adazindikira kuti munthu amene waima pa benchi ya ejenti dzuwa likuswa mtengo sadadzere zimenezo. Umenewu ndi umboni wokwanira woti anthu athu menyu saiopa ayi. Imene imawagonjetsa ndi menyu yolembedwera munthu wina.

Tiyerekeze gulu la alimi a mtedza la kufupi ndi Kamwendo limene latsegula webusayiti. Wopanga wawo, potengera zomwe adaona pa mawebusayiti a mabungwe akuluakulu, waika pamwamba mawu awa: Home, About Us, Vision and Mission, Board Members, Partners, Projects, Gallery, News, Contact. Tsopano pafike wogula wa ku Chipata, ali ndi kabandulo kakang'ono, netiweki ikubwera ikupita monga imachitira kufupi ndi malire. M'mutu mwake muli mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi. Kodi ali ndi mtedza wanji, CG7 kapena Chalimbana? Woswa kapena wamakoko? Alipo matumba angati? Thumba la makilogalamu 50 akuchita bwanji? Ali pati, ndipo lole ingafike? Ndiimbire ndani? Pa mawu onse aja, ndi lomaliza lokha limene likuyankhako funso lake. Adina Projects poganiza kuti mwina mtedza uli mmenemo, apeza nkhani ya chitsime chomwe gululo lidakumba. Adina Gallery, zithunzi zikuluzikulu ziyamba kumudyera bandulo, chifukwa chithunzi chimodzi chojambulidwa pafoni n'kuikidwa osachichepetsa chimatha kulemera ma MB awiri kapena kuposerapo. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, ndipo wa pa intaneti amakamuka msanga kuposa wa pakhomo, poti alibe manyazi otsanzika. Gululo lidzangoti webusayiti ilibe phindu, pomwe mtedza udalipo, mtengo udali wabwino, wogula adafika, koma njira yopita ku mtedzawo sidalembedwe.

Yambirani papepala

Musanayatse kompyuta, khalani pansi monga banja kapena komiti, muitanenso amene amayankha foni ya bizinesi ndi amene amakhala pa sikelo, chifukwa iwowa ndiwo amamva mafunso a ogula tsiku ndi tsiku. Ng'ambani mapepala a m'kope kukhala tizidutswa. Pa kachidutswa kalikonse lembani funso limodzi lomwe anthu amafunsadi, m'mawu omwe amafunsira, osawakongoletsa. Ngati foni ili ndi WhatsApp, bwererani m'mauthenga a miyezi ingapo yapitayi, muone zomwe zimafunsidwa mobwerezabwereza. Tizidutswa tikachuluka, tiyaleni pamphasa n'kuyamba kuunjika tofanana pamodzi. Mafunso a mtundu wa mbewu, kuuma kwake ndi chuku apita mulu umodzi. A mtengo, sikelo ndi kalipiridwe mulu wina. A njira, msewu ndi masiku otsegula mulu winanso. Akatswiri opanga mawebusayiti amachita zomwezi ndi timakadi, ndipo palibe china chobisika chomwe amawonjezerapo. Mulu uliwonse ndi tsamba limodzi la webusayiti, ndipo dzina lomwe muupatse muluwo ndilo liwu lokakhala pa menyu. Mulu wamtali kuposa yonse ndiwo uyambe. Pamenepa mkangano umabuka ndithu, chifukwa a tcheya amafuna mbiri ya gulu ikhale patsogolo, a mlembi amafuna malipoti a misonkhano aoneke. Asawakanize ndi munthu, awakanize ndi kutalika kwa milu: ngati pa mphasapo palibe kapepala kofunsa za chaka chomwe gulu lidakhazikitsidwa, mbiriyo ikhale kumapeto.

Mayina a miluyi afunika kuwaganizira mofatsa, pakuti liwu la pa menyu ndi lonjezo. Munthu akadina Mitengo, apeze mitengo pamwamba penipeni pa tsamba, osati moni wautali wa a tcheya. Gulu la mtedza lija lingathe kukhala ndi menyu iyi: Zomwe Tikugulitsa, Mitengo, Tili Pati, Za Paboda, Ndife Yani, Tiimbireni. Nyumba yogona alendo pa Boma ingakhale ndi Zipinda ndi Mitengo, Chakudya, Njira Yofikira Kuno, Sungitsani Malo. Liwu lililonse ndi lalifupi, ndipo munthu angathe kulosera zomwe zili kuseri kwake asanadine. Pewani mawu awiri omwe angasokonezane, monga kuika Katundu ndi Zokolola pa menyu imodzi, chifukwa mlendo aima n'kumadzifunsa kuti soya ali kuti. Koposa zonse pewani liwu loti Zina ndi Zina. Limeneli ndi dzala, komwe eni webusayiti amatayako zonse zomwe adalephera kuzipezera malo, ndipo palibe mlendo amene amapitako mwadala.

Ku Mchinji kuno tsamba la mitengo lili ndi msampha wakewake umene anthu a ku Zomba kapena ku Mzuzu sauganizira kwenikweni. Ndalama ya Malawi ndi kwacha, ya Zambia nayonso ndi kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kutalitali, makamaka chiyambire Januwale 2013 pamene Zambia idachotsa maziro atatu pa ndalama yake. Mukalemba K yokha kutsogolo kwa nambala, wa ku Chipata awerenga m'kwacha yakwawo. Lembani MK kapena MWK pa ndalama yathu, ZMW pa ya anzathuwo. Pamwamba pa tsambalo lembaninso tsiku lomwe mitengoyo idaikidwa. Kwacha yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa mtedza umasinthanso pakati pa nthawi yokolola ndi miyezi ya mvula. Mtengo wopanda tsiku umabala mkangano pa sikelo. Nambala ya foni nayo iyambe ndi +265, kuti woimba kuchokera tsidya linalo, kumene manambala amayamba ndi +260, asavutike. Tsamba la Za Paboda lifotokoze mwachidule zomwe wogula wa kunja ayenera kudziwa, monga ndondomeko ya COMESA yopepukitsa malonda ang'onoang'ono, imene imagwira ntchito pa Mwami pa katundu wovomerezeka wa mtengo wochepa, ndipo limutumize kwa a msonkho kuti akamve zatsatanetsatane, poti malamulo otulutsira mbewu kunja amasinthasintha.

Nanga mawu akhale angati? Pafoni galasi ndi laling'ono, moti mawebusayiti ambiri amabisa menyu yonse kuseri kwa kachizindikiro ka timizere titatu topingasa pakona. Kafukufuku wa Nielsen Norman Group wa mu 2016 adapeza kuti menyu ikabisidwa chotere anthu amaigwiritsa ntchito mochepa ndipo amachedwa kupeza zomwe akufuna, poyerekeza ndi pamene ili poyera. Pachifukwachi mawu asanu kapena asanu ndi limodzi ndi okwanira banja kapena gulu laling'ono, kuti onse aoneke popanda kutsitsa ndi chala. Ngati kaonekedwe ka webusayiti komwe mwasankha kakulola, pambali pa timizere titatuto lembanipo liwu loti Menyu, chifukwa si aliyense amadziwa kuti timizereto n'todina. Ndipo mawu awiri ofunika koposa, Mitengo ndi Tiimbireni, muwabwerezenso ngati mabatani akuluakulu pa tsamba loyamba, poyera. Za menyu zokhala ndi ana ndi zidzukulu, zoti ukadina liwu pamatuluka ena pansi pake, enanso pansi pa amenewo, zisiyeni. Pa kompyuta zimatseguka munthu akangosendeza kamuvi pamwamba pake, koma pafoni kamuviko kulibe, pali chala, ndipo chala cha munthu wogwira khasu chimaphimba mawu awiri nthawi imodzi. Mzere umodzi wa ana ndi wokwanira, mwachitsanzo Mtedza, Soya ndi Chiponde pansi pa Zomwe Tikugulitsa.

Tsopano pa kompyuta

Pepala likatha, zotsalazo zimayenda mwachangu. Mu WordPress muli mitundu iwiri ya zolemba. Pages ndi masamba okhazikika, monga Tili Pati ndi Ndife Yani. Posts ndi nkhani zobwera motsatizana ndi masiku, monga chilengezo cha msonkhano. Menyu yanu imangidwe ndi Pages. Choyamba lembani masamba onse aja, lililonse ndi mutu wake, n'kudina Publish. Kenako, kumanzere kwa galasi, pitani pa Appearance, musankhe Menus. Ipatseni menyuyo dzina lililonse, poti mlendo sadzaliona, mudine Create Menu. Masamba anu aoneka pamndandanda kumanzere. Chongani omwe mukufuna, mudine Add to Menu. Akafika kumanja, kokani lililonse m'mwamba kapena m'munsi mpaka atsatane monga milu ija idatsatirana. Mukakokera liwu pang'ono kumanja, limakhala mwana wa lomwe lili pamwamba pake. Mukatsegula kabokosi ka liwu lililonse mupeza malo olembedwa Navigation Label, pomwe mungafupikitse mawu: tsamba likhoza kukhala ndi mutu wautali woti Mitengo ya Mbewu Zathu Sabata Ino, koma pa menyu n'kungolembedwa Mitengo. Pansi penipeni pali pochonga malo omwe menyuyo ikaonekere, nthawi zambiri polembedwa Primary. Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa, chifukwa amasanja zonse bwinobwino, n'kuiwala kuchonga malowo kapena kudina Save Menu, kenako n'kumadabwa kuti pa webusayiti palibe chasintha. Ngati pansi pa Appearance simukuona Menus koma Editor, ndiye kuti kaonekedwe ka webusayiti yanu ndi ka mtundu watsopano umene udayamba ndi WordPress 5.9 mu Januwale 2022. Zikatero lowani mu Editor, musankhe Navigation, ndipo muchite zomwezo: kuwonjezera, kuchotsa, kusanja, kusunga.

Pali tinthu tingapo tomwe timaipitsa menyu mwakachetechete. WordPress yatsopano imabwera ndi tsamba lachitsanzo lotchedwa Sample Page ndi nkhani yotchedwa Hello world, ndipo mawebusayiti ambiri amakhala nazo poyera mpaka kalekale. Zifufuteni tsiku loyamba. Pali kabokosi kena koti tsamba lililonse latsopano lizidzilowetsa lokha pa menyu. Musakachonge, apo ayi pakatha chaka menyu yanu idzakhala ndi mawu makumi awiri omwe palibe adawasankha. Mbali yotchedwa Custom Links, yomwe mumalembamo linki pamanja, isungireni zinthu za kunja kwa webusayiti. Ndi yothandiza kwambiri pa batani loimbira foni: mukalemba tel: motsatizana ndi +265 ndi nambala yanu yopanda ziro woyamba, mlendo akadina foni yake imakonzeka kuimba. Mukalemba https://wa.me/265 motsatizana ndi nambala yomweyo, akadina amagwera mu WhatsApp yanu. Koma masamba anu enieni musawalowetse pa menyu polemba linki pamanja. Tsamba lolowetsedwa kudzera pamndandanda wa Pages, WordPress imalitsata ngakhale mutasintha keyala yake, pomwe linki yolembedwa pamanja imatsalira pa keyala yakale, ndipo mlendo amakumana ndi uthenga wa 404, wotanthauza kuti tsambalo kulibe. Chomaliza, mawu a pa menyu akhale zilembo zenizeni, osati zithunzi zojambulidwa mawu. Zithunzi zimachedwa kutseguka netiweki ikafooka, ndipo pulogalamu yowerengera anthu osaona zomwe zili pafoni, monga TalkBack ya pa Android, imadalira zilembo.

Zomwe ena anganene

Wina anena kuti zonsezi n'zotaya nthawi, popeza malonda a kuno amayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook. Akunena zoona pa mbali yaikulu, ndipo banja logulitsa ndowa zingapo za mtedza pamsika wa Kapiri webusayiti silikuifuna n'komwe. Koma taganizirani chomwe chimachitika pa gulu la WhatsApp: mtengo womwe mudalemba Lolemba pofika Lachinayi wakwiririka pansi pa moni, mapemphero ndi mauthenga a maliro, ndipo wogula watsopano amafunsanso funso lomwe mudayankha kale kambirimbiri. Pa Facebook chatsopano chimakankhira chakale pansi, ndipo kasanjidwe kake amagamula ndi eni Facebook, osati inu. Webusayiti imaposa zimenezi pa chinthu chimodzi chokha, choti yankho limakhala pamalo pake osasuntha, ndipo chimene chimalisunga pamalopo ndi menyu. Webusayiti ya menyu yosokonezeka yataya chifukwa chokhacho chomwe idatsegulidwira. Webusayiti ndi WhatsApp sizilimbana ayi: linki ya tsamba la Mitengo muziitumiza pa WhatsApp, ndipo batani la pa menyu lizibwezera wogula ku WhatsApp kukamaliza malonda.

Wina anena kuti menyu ya Chichewa ichepetsa ulemu wa gulu, ndipo ogula akuluakulu ndi mabungwe othandiza amawerenga Chingerezi. Nkhawa imeneyi si yopanda pake. Mtedza wa ku Mchinji udafikapo m'masitolo a ku Britain kudzera mwa alimi a MASFA, omwe ali pansi pa NASFAM ndipo adalandira chiphaso cha Fairtrade mu 2004, choncho wogula wa kutali si loto. Koma bwererani ku mphasa ija: mafunso omwe mudalemba adafunsidwa m'chinenero chanji? M'boma la anthu oposa 600,000, malinga ndi kalembera wa 2018, loyandikana ndi chigawo cha kummawa kwa Zambia komwe Chinyanja chimamveka paliponse, wogula wa tsiku ndi tsiku amalankhula chinenero chomwe mukuwerengachi. Ngati mulidi ndi ogula a mitundu iwiri, WordPress ili ndi mapulogalamu owonjezera, monga Polylang, olola menyu ziwiri, ya Chichewa ndi ya Chingerezi, ndi kabatani kosinthira. Kabataniko kalembedwe mawu oti Chichewa ndi English, osati mbendera, chifukwa mbendera ya Malawi singamuuze wa ku Katete kuti mmenemo muli chinenero chake. Koma dziwani kuti zinenero ziwiri ndi ntchito yowirikiza: mtengo ukasintha, masamba awiri asinthe tsiku lomwelo. Ngati mphamvu zimenezo mulibe, sankhani chinenero cha ogula ochuluka, ndipo muike tsamba limodzi lokha la Chingerezi lofotokoza zonse mwachidule. Chimene sichithandiza aliyense ndi kusakaniza, menyu ya Chingerezi pamwamba pa masamba a Chichewa, kapena theka uku theka uku.

Palinso onena kuti anthu safikira pa tsamba loyamba, amachokera pa Google kapena pa linki yomwe mnzawo wawatumizira, ndiye menyu ilibe kanthu. Mfundo yawo yoyambayo ndi yoona, koma ikutsimikiza zomwe kabukuka kakunena. Munthu amene wagwera pakati pa webusayiti, tinene pa tsamba la soya, sadziwa kuti muli pati ndipo ndinu yani. Chomwe chimamutsogolera kuchoka pamenepo ndi menyu, popeza ndi yokhayo imaoneka pa tsamba lililonse. Google nayo imazindikira masamba a webusayiti potsata malinki, ndipo tsamba lomwe palibe linki yopitako limavuta kulipeza. Kabokosi kofufuzira ka pa webusayiti nako sikalowa m'malo mwa menyu, chifukwa kamafuna munthu alembe liwu lomwe inu mudalemba: iye alemba nsawa kapena nshawa monga amanenera ena tsidya linalo, inu mudalemba mtedza, kabokosiko n'kuyankha kuti palibe. Nanga a komiti omwe akudandaula kuti malamulo a gulu, mayina a atsogoleri ndi malipoti zasowa malo? Malo alipo. Pansi pa tsamba lililonse pamatha kukhala menyu yachiwiri, yaing'ono, ndipo WordPress imalola kuipanga mwa njira yomweyo n'kuchonga malo olembedwa Footer ngati kaonekedwe kanu kali nawo. Kumeneko ikaniko zonse zofunika kukhalapo koma zosafunsidwa kawirikawiri, pamodzi ndi dzina lenileni la bizinesi, komwe ili ndi nambala yake. Lamulo la dziko lino la mu 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo cha pa intaneti limafuna kuti wofalitsa kapena wogulitsa zinthu pa intaneti azidziwika poyera, ndipo wogula wanzeru, m'masiku ano a akathyali a pafoni, amayang'ana zimenezi asanatumize ndalama.

Kuyesa ndi kusamala

Inu eni ake simungaweruze menyu yanu, chifukwa mukudziwa kale pomwe chilichonse chili. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Pezani anthu asanu omwe sadaonepo webusayitiyo, akhale osiyanasiyana: mayi wa geni, venda, mphunzitsi, mkulu wa maso ofooka, wachinyamata. Jakob Nielsen, katswiri wa ntchitoyi, adalemba m'chaka cha 2000 kuti anthu asanu ndi okwanira kuvumbula mavuto ochuluka a webusayiti. Aliyense agwiritse ntchito foni yake, kaya ndi itel kaya Tecno yong'aluka galasi, ndi bandulo wamba, panja padzuwa, osati pa laputopu ya wopanga uja. Mpatseni ntchito imodzi, monga yoti apeze mtengo wa thumba la soya, kapena apeze njira yochokera pa Kamwendo kufika kumalo anu. Mukatero khalani chete. Apa ndi povuta, chifukwa mtima umafuna kumulozera, koma wogula wa ku Chipata sadzakhala ndi womulozera. Onani pomwe chala chake chaima, liwu lomwe wadina molakwa, ndi pomwe wabwerera m'mbuyo. Awiri mwa asanuwo akalakwitsa pamalo amodzi, wolakwa si iwo, ndi liwulo. Lisintheni pa Navigation Label, muyesenso ndi anthu ena.

Menyu imakalambanso. Tsamba la mbewu yobzala limafunika patsogolo mvula ikamayandikira, la zokolola kuyambira Epulo kapena Meyi, ndipo kusinthanitsa malo awo ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ikani m'kalendala ya gulu kuti kamodzi pa mwezi munthu mmodzi azidina liwu lililonse pa menyu, aone ngati likutseguka, ngati nambala ya foni ikadali yogwira ntchito, ndiponso ngati tsiku la pa Mitengo si lakale. Koma kuti zimenezi zitheke, makiyi akhale m'manja mwanu. Mu WordPress anthu olowa amakhala ndi maudindo osiyana, ndipo amene ali ndi udindo wa Editor amatha kulemba ndi kusintha masamba koma menyu sangaikhudze. Woikhudza ndi Administrator. Opanga ambiri amapatsa eni ake udindo wotsikawo, wapamwambawo n'kusunga okha, mwina poopa kuti mungawononge zinthu. Tonse tikudziwa momwe achinyamata athu amayendera: lero ali pa Boma, chaka chamawa ali ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Joni, nambala yasintha. Webusayiti imatsala ndi menyu yoloza ku mitengo ya zaka ziwiri zapitazo, popanda woikonza, ndipo dzina lake la pa intaneti, lomwe limalipiridwa chaka ndi chaka, limatha osadziwa aliyense. Choncho musamalize kulipira wopanga webusayiti asanakupatseni dzina lolowera ndi pasiwedi ya Administrator, zolembedwa m'buku la gulu losungidwa ndi anthu awiri odalirika, pamodzi ndi tsiku lolipiriranso dzina la pa intaneti lija. Ndipo asanatsanzike, akhale pambali manja ali m'thumba, mmodzi wa inu achotse liwu limodzi pa menyu, alibwezeretse, adine Save Menu, nonse muone pafoni kuti zatheka.